Foni ndi laputopu pa boda: zochita musananyamuke, pofika ndi mukadutsa

Funsoli limabwera nthawi imodzimodzi, usiku woti ulendo ndi mawa: "Akandiuza pa boda kuti nditsekule foni, ndingakane?" M'mayiko ambiri kukana mungakane, koma zotsatira zake muzisenza nokha: foni kutsala m'manja mwawo, kukhala m'kachipinda maola angapo, ndege kukusiyani, kapena kubwezedwa kumene mwachokera. Mukaima pamaso pa ofisala mphamvu zanu zimakhala zochepa. Ntchito yeniyeni ndi ya kunyumba, kutatsala sabata kuti munyamuke, ndipo yagona pa mfundo imodzi: chimene sichili m'foni palibe angachiwerenge. Ndalemba zonse pano kuti ndisamabwerezebwereze.

Tisaopsezane. M'chaka cha boma cha 2024, a CBP, oyang'anira malire a United States, anafufuza zipangizo za anthu oposa 47,000 mwa apaulendo oposa 420 miliyoni. Ambiri adzadutsa osafunsidwa kanthu. Koma kukonzekera komweku n'kumene kudzakupulumutseni foni ikabedwa kapena kuiwalika pa bwalo la ndege.

1. Dziwani lamulo la kumene mukupita, ndi la kumene mungodutsa.

Ku United States, ndondomeko imene CBP inatulutsa mu 2018 inagawa kufufuzaku pawiri. Pali kufufuza wamba, pamene ofisala amagwira foni n'kumaona zithunzi ndi mauthenga. Apa safunika kupereka chifukwa. Pali kufufuza kozama, pamene amailumikiza ku makina okopera ndi kusanthula zam'kati. Apa pamafunika chifukwa chomveka chokukayikirani kapena nkhani ya chitetezo cha dziko, komanso chilolezo cha mkulu wake. Nzika ya dzikolo siingaletsedwe kulowa kwawo chifukwa chokana, ngakhale foni ikhoza kutsala. Mlendo wa viza akhoza kubwezedwa tsiku lomwelo.

Ku United Kingdom kuli Schedule 7, gawo la lamulo lolimbana ndi uchigawenga la Terrorism Act 2000. Apolisi a pa doko kapena pa bwalo la ndege akhoza kukusungani mpaka maola 6 ngakhale asakukuganizirani mlandu uliwonse, ndipo kukana kupereka pasiwedi ndi mlandu paokha, wa ndende mpaka miyezi 3. Muhammad Rabbani, mkulu wina wa bungwe la CAGE la m'dzikolo, anapezeka wolakwa mu 2017 chifukwa chokana motere ku Heathrow. Ku New Zealand, kuyambira Okutobala 2018, wokana kutsekula chipangizo pamene a kasitomu ali ndi chifukwa chomukayikira akhoza kulipitsidwa mpaka NZ$5,000. Ndipo mu 2019 atolankhani anaulula kuti pa malire olowera ku Xinjiang kuchokera ku Kyrgyzstan, alonda ankaika m'mafoni a Android a alendo pulogalamu yokopa mauthenga ndi manambala.

Ambiri amaiwala za mayiko odutsamo. Ku United States, ngakhale mukungosintha ndege, mumadutsa kwa oona zolowa ndi kutuluka ngati wina aliyense. Ku Dublin, Toronto ndi Abu Dhabi mumakumana ndi a CBP musanakwere n'komwe ndege. Fufuzaninso ngati zimene mwanyamula n'zololedwa: China, Russia ndi Iran amaletsa kapena kupanikiza ma VPN (mapulogalamu obisa zimene mukuchita pa intaneti), ndipo ku India foni ya setilaiti yopanda chilolezo imamangitsa.

2. Werengani zipangizo zonse, kenako chepetsani.

Yalani pa tebulo chilichonse chosunga deta: foni, laputopu, tabuleti ya mwana, wotchi yolumikizidwa ku foni, memore khadi ya mu kamera, fulashi imene yakhala m'kathumba ka chikwama zaka zitatu, foni yakale imene mukukapatsa m'bale. Chosafunika pa ulendowu chitsale.

Pa foni yeniyeniyo njira zilipo zitatu: kupita ndi yanu mutaichepetsa zam'kati, kuifufuta yonse n'kukaibwezeretsa mukafika, kapena kukhala ndi ina ya pa ulendo pokha. Kwa anthu ambiri yoyamba ndi yokwanira. Amene amasunga zinsinsi za ena, monga dotolo, loya, mtolankhani kapena wowerengera ndalama, asankhe yachitatu. Foni yoyera mbee, yopanda chithunzi ngakhale nambala imodzi, nayo imadzutsa mafunso, choncho yambani kuigwiritsa ntchito masiku angapo ulendo usanafike, ndipo mukafunsidwa nenani zoona: ndi foni ya pa ulendo. Laputopu ya kuntchito funsani eni ake kaye chimene akufuna muchite mukauzidwa kuitsekula.

3. Pangani bakapu, ndipo iyeseni.

Bakapu ndi kope la zonse za m'chipangizo losungidwa kwina. Mukhale nawo awiri: limodzi pa intaneti, lina pa disiki yotsala kunyumba. Disikiyo isalowe m'chikwama chimene mukunyamula, apo ayi mwangowapatsa zonse kawiri. Pokopera iPhone pa kompyuta chongani pa Encrypt local backup, chifukwa popanda izi mapasiwedi osungidwa sakopedwa. Pa WhatsApp pitani pa Settings, Chats, Chat backup n'kuyatsa End-to-end encrypted backup. Idzakupatsani kusankha pasiwedi kapena kiyi wa zilembo 64. Mukataya zimenezi, ngakhale eni WhatsApp sangakubwezereni mauthenga. Mukamaliza tsekulani mafayilo angapo kuchokera mu bakapuyo kuti muone ndi maso kuti alimodi.

4. Konzani njira yobwerera m'maakaunti anu.

Apa ndi pamene ambiri olemba malangizo amadumpha, ndipo ndi pamene anthu amalira. Kutuluka m'maakaunti n'kosavuta. Kubwereramo muli kutali ndiye nkhani.

Taonani mmene zimakhalira. Mwafika pa hotela, mwayatsa foni yofufutidwa ija, mwalumikiza Wi-Fi. Mwalemba pasiwedi ya imelo molondola. Google ikufuna khodi ya mu Authenticator, pulogalamu ya pa foni yotulutsa makhodi olowera, koma pulogalamuyo inapita pofufuta. Mwadina posankha njira ina. Yatumiza SMS ku nambala yanu, koma simu khadi siikugwira netiweki m'dzikolo. Imelo yachiwiri yothandizira ilipo, koma pasiwedi yake ili m'pulogalamu yosungira mapasiwedi, ndipo kiyi wa pulogalamuyo munadzitumizira pa imelo yoyamba ija. Chingwe chazungulira n'kudzimanga chokha, tikiti yobwerera ili mkati.

Kuti izi zisachitike, tengani pepala ndi cholembera. Lembani maakaunti amene simungakhale popanda iwo. Kawirikawiri sapitirira asanu: imelo, akaunti ya Apple kapena Google ya foniyo, chosungira mapasiwedi, banki, ndi pulogalamu ya mauthenga. Pambali pa iliyonse lembani chimene imafuna mukamalowa pa chipangizo chachilendo, ndi kumene chinthucho chimachokera. Jambulani mivi. Mudzaona kuti zonse zikuloza ku akaunti imodzi, nthawi zambiri imelo. Imeneyo ndiye mutu wa chingwe, ndipo iyenera kutsekuka ndi zinthu ziwiri zokha: pasiwedi ya m'mutu mwanu ndi khodi yosadalira foni imene mwanyamula.

Khodi yoteroyo ilipo. Mu gawo la Security la akaunti ya Google, pansi pa 2-Step Verification, muli Backup codes: makhodi 10 a manambala 8, iliyonse yogwira kamodzi. Maakaunti ena akuluakulu ali ndi ofanana nawo. Musawajambule ndi foni yomweyo. Njira imene ndimaikonda ndi kuwasiya kwa munthu wodalirika amene sakuyenda nanu, n'kuloweza nambala yake pamtima. Mukadutsa mumamuimbira, iye n'kukuwerengerani khodi imodzi. Ngati n'kosatheka, lembani awiri kapena atatu pa kapepala kopanda dzina la akaunti. Pepala nalo limafufuzidwa, koma khodi yopanda pasiwedi siitsekula kanthu.

Akaunti ya Apple imatumiza khodi ku chipangizo china chanu kapena ku nambala yodalirika. Ngati muli ndi iPhone imodzi ndi nambala imodzi, zonse zili m'thumba limodzi. Onjezerani nambala yachiwiri ya munthu uja. Kupanda kutero mudzadikira ndondomeko yawo yobwezera akaunti, imene imatenga masiku. Kumbukiraninso kuti foni yofufutidwa imatha kufuna pasiwedi ya akaunti imene inalimo kale isanalole chilichonse. Pa iPhone amati Activation Lock, pa Android amati Factory Reset Protection. N'zotchingira akuba, koma sizisiyanitsa wakuba ndi mwini woiwala.

Google Authenticator kuyambira 2023 imatha kusunga makhodi mu akaunti ya Google. N'zothandiza, koma ngati khodi yolowera mu Google momwemo ili mmenemo, mwatsekera kiyi m'nyumba. Samutsirani makhodiwo ku foni yakale yotsala kunyumba pogwiritsa ntchito Transfer accounts.

Mapulogalamu ambiri a banki amamangiriridwa ku chipangizo chimodzi, ndipo kuwaikanso kumafuna SMS. Funsani kampani ya foni ngati simu khadi yanu imalandira SMS m'dziko limene mukupita. Ngati siilandira, pulogalamu ya banki musaichotse. Ili ndi loko wakewake kale. WhatsApp nayo poikanso imafuna khodi ya manambala 6 yobwera pa nambala yanu, kuphatikiza pini ya Two-step verification ngati munaiyatsa. Signal siibweza mauthenga akale pokhapokha mutakonzeratu bakapu yake. Telegram ndi yosiyana: macheza wamba amakhala pa makompyuta a kampaniyo, choncho mukangolowa zonse zimabwerera, ndipo kutulukamo sikukutayitsani zambiri kupatula ma Secret Chat.

Tsopano yeserani. Thimitsani foni yanu, iikeni m'chipinda china, tengani kompyuta imene simunalowerepo, muyese kutsekula mutu wa chingwe uja ndi zokhazo zimene mudzakhale nazo kutaliko. Mukakanika, mwapeza pobowoka muli kunyumba. Chitani izi kutatsala sabata kapena kuposa, chifukwa nambala kapena imelo yothandizira yongoikidwa kumene pa Google imatha kutenga masiku 7 isanayambe kudaliridwa.

5. Chotsani zosafunika, koma dziwani kuti kudilita si kufufuta.

Cholakwa choopsa choyamba: zithunzi za m'foni zimayenda limodzi ndi za pa intaneti. Mukadilita chithunzi iCloud Photos kapena Google Photos ili yoyatsa, chimachoka paliponse. Pa Google Photos gwiritsani ntchito Free up space kapena Delete from device. Pa iPhone thimitsani kaye iCloud Photos, kenako musankhe Remove from iPhone.

Chachiwiri: zodilitidwa zimakhala m'foda ya Recently Deleted kapena Trash masiku 30 kapena kuposa. Kakhuthuleni. Foda ya Hidden ndi macheza a Archived si zobisika. Ofisala aliyense amadziwa pamene zili. Onaninso Downloads, zithunzi za sikirini, manotsi, mawu ojambulidwa, ndi mbiri ya zimene munasakasaka pa Chrome kapena Safari.

Magulu a pa WhatsApp ndiwo amagwetsa anthu osalakwa. Foni imadzikopera yokha zithunzi ndi makanema amene simunawaonepo, ndipo pa boda chilichonse chopezeka m'foni mwanu n'chanu. Thimitsani Media auto-download, lowani mu Manage storage muone zimene zaunjikana, tulukani m'magulu amene simukudziwa omwe alimo. Mu 2019 wophunzira wina wachipalestina wochokera ku Lebanon wopita ku yunivesite ya Harvard anabwezedwa pa bwalo la ndege la ku Boston, ndipo iye anati anamufunsa za zimene anzake analemba pa intaneti, osati iye. Anadzaloledwa kulowa patapita masiku.

Pulogalamu imene simukufuna ionedwe, tulukanimo kaye kenako muichotse, chifukwa ngakhale netiweki itathimitsidwa, Facebook, Instagram ndi imelo zimaonetsabe zimene zinatsala m'foni. Ogwiritsa 1Password ali ndi Travel Mode, imene imachotsa pa chipangizo mapasiwedi onse kupatula amene mwawasankhira ulendo. Koma kuchotsa pulogalamu sikufufuta zimene munalemba poyera, ndipo fomu ya viza ya United States kuyambira 2019 imafunsa mayina a maakaunti anu a pa masamba a mchezo a zaka 5 zapitazo. Mukafunsidwa ngati muli ndi akaunti, musakane chifukwa choti siili m'foni.

Memore khadi ndi fulashi zikafomatidwa mwachangu, mafayilo amabwezeka mosavuta, choncho gulani zatsopano. Ndipo ngati muli kale pa mlandu kapena mukufufuzidwa, musafufute kanthu musanalankhule ndi loya, chifukwa kuwononga umboni ndi mlandu wina.

6. Yatsani encryption ndipo talikitsani pasiwedi.

Encryption ndi kusokoneza deta yonse mwamasamu kuti wopanda kiyi aone zopanda tanthauzo, ngakhale atachotsa disiki n'kuiika m'makina ena. iPhone imachita izi mukangoika pasiwedi, chimodzimodzi mafoni amene anatuluka ndi Android 10 kapena yaposachedwa. Laputopu ndiye muyenera kuiona nokha: FileVault pa Mac, BitLocker kapena Device encryption pa Windows, LUKS pa Linux. Pasiwedi yolowera mu Windows payokha siiteteza disiki. Kiyi wobwezera wa BitLocker ndi wa manambala 48. Dziwani kumene ali, ndipo asakhale m'chikwama cha laputopuyo.

Makina otsekula mafoni okhoma, a Cellebrite ndi GrayKey, amene apolisi ndi a malire m'mayiko ambiri amagula, amadalira zinthu ziwiri: ming'alu ya m'mapulogalamu akale ndi pasiwedi yaifupi. Choncho ikani ma update onse, ndipo siyani pini ya manambala 4, imene njira zake ndi 10,000 zokha. Ya manambala 6 ili ndi 1,000,000, zimene kwa makina si zambiri. Sankhani mawu asanu kapena asanu ndi limodzi osagwirizana, kapena manambala osachepera 10 amene si tsiku lobadwa kapena nambala ya foni. Isafanane ndi pasiwedi ina iliyonse, kuti mukakakamizika kuipereka mukhale mwapereka chitseko chimodzi. Isintheni kudakali masiku kuti zala zizolowere. Kuiwala pasiwedi yatsopano pamaso pa ofisala kumaoneka ngati mwano.

Ikaninso pini pa simu khadi, chifukwa yopanda pini imangosamutsidwira m'foni ina n'kuyamba kulandira makhodi anu. Mukaiphonya katatu idzafuna PUK, ndiye dziwiranitu nambala imeneyo.

7. Thimitsani zonse musanafike pamzere.

Foni yongotsekedwa ndi foni yothimitsidwa n'zosiyana kwambiri. Mukaitsekula koyamba itayatsidwa, makiyi a encryption amakhala m'memore yake mpaka mudzaithimitse, ngakhale sikirini ili yokhoma. Akatswiri amatcha mkhalidwewu AFU, ndipo makina aja amakoka zambiri mmenemu. Foni imene yayatsidwa koma siinatsekulidwepo ili mu BFU: makiyi sanatuluke, nkhope ndi chala sizigwira, pasiwedi yokha basi. Ndiye ithimitseni ndege isanatere kapena basi isanaime pa chipata, osati mutaona kuti akukuitanirani pambali.

Kuthimitsa kumathetsanso nkhani ya Face ID ndi chidindo cha chala, zimene munthu angathe kutsekula nazo foni pongoilozetsa kumaso kwanu. Ngati nthawi yachepa, pa iPhone gwirani batani la m'mbali ndi limodzi la voliyumu kwa masekondi awiri. Pa Android pali Lockdown, imene pa Samsung muyenera kuiyatsiratu mu Settings. Izi zimaletsa nkhope ndi chala, koma foni imakhalabe mu AFU.

Laputopu kungoitseka chivundikiro si kuithimitsa. Pa Windows gwirani Shift podina Shut down kuti Fast Startup isasunge kanthu.

Poti foni ikhala yothima, sindikizani papepala tikiti yobwerera, adiresi ya kumene mukafikire, kalata yokuitanani ndi nambala ya wokulandirani. Anthu ambiri amatsekula okha foni pamaso pa ofisala pofuna kuonetsa bukingi ya hotela, kenako dzanja limangotambasuka kuilandira. Batire likhale lodzaza, chifukwa achitetezo cha ndege amatha kufuna kuona kuti chipangizo chikuyaka. Kuyatsa kufika pa sikirini yofunsa pasiwedi n'kokwanira.

8. Pamaso pa ofisala.

Ganiziranitu kunyumba ngati mudzatsekule kapena ayi, potengera pasipoti yanu ndi lamulo la dzikolo. Uzani munthu wina nthawi yofika ndi woti amuimbire, loya kapena ofesi ya kazembe, mukakhala chete maola angapo.

Musaname. Kunamiza ofisala wa boma ndi mlandu m'mayiko ambiri, ndipo n'kosavuta kutsimikizira kusiyana ndi chilichonse chimene munkabisa. Pa chifukwa chomwechi sindilimbikitsa timachenjera ta mafoda obisika kapena pini yofufuta foni mwadzidzidzi. Zimakufikitsani poti muname kapena muoneke ngati mukuwononga umboni pamaso pawo. Musalimbirane chipangizo, musakweze mawu.

Funsani mwaulemu: "Kodi mukundipempha, kapena ndi lamulo? Ndikakana chichitike n'chiyani?" Ngati mwasankha kutsekula, pemphani kulemba nokha pasiwedi m'malo moitchula. Foni ikhale pa Airplane mode, Wi-Fi ndi Bluetooth zothima. Ku United States ndi ku Canada ndondomeko zawo zimanena kuti aone zokhazo zili m'chipangizo, osati za pa intaneti. Ngati muli ndi zinsinsi za odwala kapena za anthu amene mukuwaimira pa milandu, nenani asanayambe. Pepala limene simukulimva musasaine, pemphani womasulira.

Chipangizo chikatsala, musachoke popanda lisiti. Ku United States ndi Form 6051D, ndipo ndondomeko ya 2018 ija inati chipangizo chisasungidwe kupitirira masiku 5, ngakhale amatha kuwonjezera. Lembani dzina kapena nambala ya ofisala, nthawi, ndi chilichonse chimene chatengedwa.

9. Mukadutsa.

Chipangizo chimene chinachoka m'maso mwanu chili chotsekula, chitengeni ngati chakopedwa chonse. Pa chipangizo china, sinthani mapasiwedi kuyambira mutu wa chingwe uja, kenako tulutsani zipangizo zonse zolowa m'maakauntiwo. Pa WhatsApp ndi Signal onani Linked devices, pa Telegram onani Devices. Kulumikiza kompyuta yachilendo kumatenga masekondi ochepa ndipo mauthenga amapitirira kupita kumeneko. Pa iPhone onani VPN & Device Management; pa Android onani mndandanda wa mapulogalamu, Device admin apps ndi Accessibility. Mukapeza chachilendo, kapena ngati ntchito yanu ndi yoika ena pa chiopsezo, ifufuteni yonse n'kubwezeretsa kuchokera ku bakapu ya kunyumba ija, osati yopangidwa itafufuzidwa kale. Dziwitsani akuntchito ndi anthu amene mauthenga awo anaonedwa.

Pobwerera mudzadutsanso malire, ndipo panthawiyo foni idzakhala itadzazanso: maakaunti onse otsekula, zithunzi zatsopano, manambala a anthu amene mwakumana nawo. Patulani ola limodzi usiku womaliza mubwereze mfundo 3, 5 ndi 7, ndipo muwerenge makhodi amene atsala osagwiritsidwa ntchito.